Nati Yakumbuyo Kumanzere

Chaka chimenecho ndinkalipidwa chifukwa chogwada.
Bondo pa simenti, mfuti yamphepo m'manja,
kudikira tayala lakumbuyo kumanzere.
Ena atatuwo anali ndi eni ake.

Timu yathu inali ya bambo Cavedoni,
wogulitsa matailosi a m'bafa ku Sassuolo,
amene anapinyolitsa nyumba ya mayi ake
kuti agule injini ziwiri zakale.
Akuluakulu ankafika ndi malole khumi ndi ophika awo.
Ife lole imodzi, Ermete pachiwongolero usiku wonse,
akutafuna njere za khofi kuti tulo tisamube.

Mipikisano khumi ndi isanu ndi umodzi.
Ku Monaco khoma linatidyera phiko.
Ku Mexico injini inasanza mafuta anthu asanakhale n'komwe pansi.
Valdemir, mnyamata wa ku Curitiba,
ankatuluka m'galimoto, kuvula chisoti,
n'kutipepesa mmodzimmodzi
ngati kuti pisitoniyo anaiumba ndiye.

Kenako ku Spa kunagwa mvula.
Osati yowaza, yeniyeni, yobisa mitengo.
A ndalama aja ankazungulira ngati nguli
n'kukagona mu udzu.
Wathu ankangodutsa, kudutsanso,
mchira wa madzi uli pambuyo,
mpaka mbendera ija ya mawangamawanga.
Wachisanu ndi chimodzi.
Pointi imodzi.
Ermete, amene sanagwetse msozi pamaliro a bambo ake,
anabisa nkhope m'chiguduli cha girizi.
Bambo Cavedoni anapempha utoto
nalemba 1 wamkulu pachitseko cha lole,
wokhota, utoto ukuyenderera.

Masabata awiri, Monza. Kwathu.
Iside, mkazi wanga, anali m'khamumo
atavala diresi la paukwati wa mng'ono wake.
Valdemir anali wachinayi,
wachinayi, ndikutero,
pamene analowa kudzasintha matayala.
Anaima pamzere penipeni.
Dzanja loyamba m'mwamba. Lachiwiri. Lachitatu.
Yanga nati inakana.

Ndinaichotsa, ndinaibwezera, inaluma mopingasa.
Mfuti inalira, nati ili gwa.
Amati tsoka silinunkha;
langa linkanunkha mabuleki opsa
ndi thukuta la m'magolovesi.
M'kagalasi kam'mbali ndinaona maso ake,
osakwiya ayi, ongodikira,
monga mwana adikirira kuti um'mangire nsapato.
Masekondi makumi awiri ndi imodzi.
Ndakhalapo m'chipatala usiku wathunthu,
koma sunatalike chomwecho.

Anamaliza wachisanu ndi chinayi.
Palibe anandinena.
Ermete ananyema buledi wake n'kundipatsa theka,
ndipo ndikanakonda akanandimenya nayo sipanala.
Iside m'sitima anangoti, kunatentha lero,
n'kuyang'ana pawindo mpaka ku Modena.

Disembala asanathe anabwera amuna a makalata.
Anamata mitengo pa chilichonse,
pa injini, pa majeke, ngakhale pa ketulo yathu.
Lole inapita kwa wogulitsa nkhumba
ndi 1 wake yemwe uja pachitseko.
Ine ndinatuluka ndi nati m'thumba la jekete.
Sinali pamndandanda.

Lero ndimamata matayala a mathirakitala
pamsewu wopita ku Vignola.
Alimi amati, osathamanga bambo, tibwera mawa,
ndipo sadziwa chimene amandichita.
Valdemir ali ndi mabasi anayi kwawo;
Khirisimasi iliyonse amatumiza khadi,
za Monza sanatchulepo.

M'kabuku ka chaka chimenecho dzina lathu lili pansi penipeni,
pomwe chala chimathera tsamba.
Pambali pake, 1.
Akanakhala 4.
Kaya zikanatipulumutsa, Ermete anapita osandiyankha.

Madzulo ena ndikatseka chitseko cha galaja
ndimaitulutsa m'kabati,
n'kuiyesa pa ekiselo yakale imene ndinagula dala.
Imalowa.
Ndi zala ziwiri zokha, osakakamiza,
imazungulira myaa mpaka kumapeto.
Nthawi zonse imalowa.